Yeo, Exe, Taw ndi Lew: injini zinayi zimene zinathera limodzi ndi njanji yake

Kampani ya Manning Wardle ya mumzinda wa Leeds ku England inapanga injini za sitima zinayi zokha za mtundu umene ndikufotokoza mu lipoti lino. Zitatu zinatuluka m'fakitale mu 1897, yachinayi mu 1925. Zonsezo zinagwira ntchito pa njanji imodzi ya makilomita 31, yochokera m'tauni ya Barnstaple kukafika ku Lynton, kumpoto kwa dera la Devon. Njanjiyo itatsekedwa mu 1935, zitatu zinaphwasulidwa n'kusanduka zitsulo zokasungunula. Yotsalayo inakwezedwa m'sitima yapamadzi yopita ku Brazil, ndipo mpaka lero palibe amene anaipezanso.

Ine ntchito yanga ndi ya maboyila ndi makina oyendera nthunzi a m'mafakitale. Makina akachotsedwa pantchito asanathe mphamvu, eni ake amafuna tiwauze ngati vuto linali makinawo kapena malo amene anawaika. Funso lomwelo ndi limene ndaliika pa injini zinayizi, ndipo ndapeza kuti zinalibe mlandu. Njanjiyo inayenda zaka 37 zikuikoka bwinobwino, ndipo chimene chinazipha chinali chitagamulidwa kale zisanapangidwe n'komwe.

Njanji yake

Lynton ndi tauni yaing'ono yokhala pamwamba pa phiri loyang'ana nyanja, m'mphepete mwa mapiri a Exmoor. Kumunsi kwake, pagombe penipeni, kuli Lynmouth. M'zaka za m'ma 1800 anthu opeza bwino ankakonda kukapuma kumeneko, koma ankafika pa ngolo zokokedwa ndi mahatchi, m'misewu ya zitunda zokhazokha. Barnstaple inali ndi njanji kuyambira 1854, Ilfracombe ndi Minehead zinaona sitima mu 1874, Lynton n'kutsalira. Amene anatsogolera ntchito yobweretsa njanji anali Sir George Newnes, mkulu amene analemera ndi bizinesi yosindikiza magazini ku London ndipo anali ndi nyumba ku Lynton komweko. Nyumba ya malamulo inavomereza mu Juni 1895, ntchito inayamba mu Sepitembala chaka chomwecho, ndipo njanji inatsegulidwa pa 11 Meyi 1898. Anthu wamba anayamba kukwera pa 16 Meyi.

Pa zonse zimene anasankha, chachikulu chinali mpata wa pakati pa zitsulo ziwiri za njanji. Anatenga mamilimita 597, ngati a njanji ya Ffestiniog ya ku Wales. Njanji zikuluzikulu za ku Britain mpata wake ndi mamilimita 1,435, ya ku Malawi ndi 1,067, ndiye mutha kuona kupapatiza kwake. Ankathawa ndalama. Njanji yopapatiza imakhota msanga n'kumatsata nthiti za phiri, pamene yotakasuka imafuna kuboola phirilo kapena kukwirira chigwa. Pa mtunda wonsewo sanaboole phiri ngakhale limodzi, ndipo mlatho waukulu kuposa yonse unali wa ku Chelfham, wa zipata 8, wotalika mamita 21 kuchokera pansi. Komabe ndalama zomangira zinapitirira kutali zimene anawerengera. Pokumba anakumana ndi thanthwe lochuluka kuposa mmene ankaganizira, kampani n'kuyamba kukokana ndi kontilakitala wake, James Nuttall. Sitima yoyamba imanyamuka kampani ili kale pamavuto a ndalama.

Injini ya sitima simungaiweruze musanaidziwe njira imene ikuyendamo. Kuchoka pa siteshoni ya Barnstaple Town, m'mbali mwa mtsinje wa Taw, njanji inkadutsa pa Pilton, pamene panali wekishopu ndi shedi ya injini, n'kutsata chigwa cha mtsinje wa Yeo mosakwera kwenikweni. Ikadutsa Snapper inkayamba chitunda cha makilomita pafupifupi 13, chokwera mita imodzi pa mamita 50 aliwonse, kudzera ku Chelfham ndi Bratton Fleming mpaka ku Blackmoor. Kuchoka apo inkatsetserekera ku Parracombe, n'kukweranso mpaka ku Woody Bay, mamita pafupifupi 300 pamwamba pa nyanja, kenako n'kutsikira ku Lynton. Makhona ake ena anali othina moti mukanati mumalize kuzungulira, bwalo lake likanakhala la mamita 100 okha kuchokera pakati kufika m'mphepete.

Mmene anazipangira

Injini za sitima zamalasha zili m'magulu awiri. Zina zimakoka ngolo yakeyake ya madzi ndi malasha kumbuyo. Zina zimasenza zonse pathupi: madzi m'mathanki, malasha pafupi ndi kanyumba ka dalaivala. Za ku Lynton zinali za gulu lachiwirili, mathanki ake ataliatali ali mbali zonse ziwiri za boyila. M'mabuku a njanji zimalembedwa kuti 2-6-2T, kutanthauza mawilo awiri aang'ono kutsogolo, mawilo 6 okoka pakati, awiri aang'ono kumbuyo, ndiponso mathanki. Anazipatsa mayina a mitsinje ya ku Devon, onse a zilembo zitatu: Yeo, Exe ndi Taw. Manambala ake a kufakitale anali 1361, 1362 ndi 1363.

Iliyonse inkalemera matani pafupifupi 27 ikadzaza madzi ndi malasha. Mawilo okoka anali a mamilimita 838 m'mimba mwake, aang'ono ndithu, opangira kukoka osati liwiro. Masilinda anali awiri, onse kunja, a mamilimita 267 m'mimba, pisitoni n'kumayenda mamilimita 406. Boyila inkagwira nthunzi ya mapaundi 160 pa sikweya inchi, amene ndi mabaa pafupifupi 11.

Mawilo aang'ono a kutsogolo ndi kumbuyo aja sanawaikire kukongoletsa. Ku Lynton kunalibe chotembenuzira injini, choncho popita inkayenda chumuni chili kutsogolo, pobwerera n'kumayenda chafutambuyo. Mbali iliyonse imene yatsogola pamafunika mawilo opepuka oyamba kulowa m'khona n'kukokeramo thupi lonse pang'onopang'ono. Popanda amenewo, mawilo okoka amagunda chitsulo chakunja cha khona, ndipo chimene chimadyeka ndi njanji ndi milomo ya mawilo.

Nanga n'chifukwa chiyani chumuni chinkayang'ana ku Lynton osati ku Barnstaple? Munthu wa maboyila apa sangadumphepo. Ng'anjo ya injini ili kumbuyo kwa boyila, ndipo denga la ng'anjoyo liyenera kukhala lomira m'madzi nthawi zonse. Likangouma moto uli lawilawi, chitsulo chimafewa, nthunzi ya mabaa 11 ikukankha pamwamba pake. N'chifukwa chake padengapo pamakhala mapulagi amtovu oti asungunuke msanga n'kuchenjeza anthu zinthu zisanafike poipa. Injini ikamakwera chitunda chumuni chili kutsogolo, madzi amathamangira kumbuyo n'kukwirira dengalo, pa nthawi yeniyeni imene moto uli waukulu komanso madzi akudyeka msanga. Ikamatsika chitunda chomwecho chafutambuyo, imakhala itapendekera mbali yomweyo, madzi adakali padenga. Poopsa ndi pamalo ngati Blackmoor ndi Woody Bay, pamene chitunda chimasanduka mtsetse. Mphuno ya injini imawerama, madzi n'kuthawira kutsogolo, ndipo wosonkha moto amene wafika pamwamba madzi ali ochepa m'galasi loonetsa msinkhu wa madzi a m'boyila amawaona akuzimiririka iye akuyang'ana. Amayenera kuthira madzi m'boyila asanafike pamwamba, komanso osathira ambiri mpaka kugwetsa nthunzi sitima ikadali pachitunda. Njanji ya zitunda ziwiri ndi mitsetse iwiri pa ulendo umodzi imafuna munthu wamaso pa galasi, ndipo anthu a ku Pilton ankachita zimenezi tsiku ndi tsiku.

Mafelemu, amene ndi zitsulo ziwiri zazitali zonyamula injini yonse, anawaika kunja kwa mawilo. Pa njanji ya mamilimita 597, mpata wa pakati pa mawilo umangopitirira pang'ono theka la mita. Mukaika mafelemu m'kati mwa mpata umenewo, malo a ng'anjo ndi mabering'i satsalapo. Mukawatulutsa kunja, injini imakhala yotakasuka kuposa njanji yake, boyila n'kukhala pansi, ndipo m'khona siyendera mbali imodzi. Pa njanji yopapatiza ngati iyi, ine sindikuona njira ina yabwino kuposa imeneyi.

Zitsulo zoyendetsa mavalavu zinali za mtundu wa Joy, umene David Joy anatulukira mu 1879. Mtunduwu umatenga kayendedwe kake pa ndodo yaikulu yolumikiza pisitoni ndi wilo, choncho zitsulo zake n'zochepa, ndipo pa injini izi zonse zinali kunja, pamene makaniko amafika ndi kachitini ka oyilo ataimirira pambali. Koma uli ndi zofooka ziwiri zimene aliyense wouziwa amazinena. Ndodo yaikulu ija imabooledwa pakati kuti pakhale pini, ndipo bowo pa chitsulo chimene chikukankhidwa ndi kukokedwa ulendo wonse ndi malo oyambira mng'alu. Chachiwiri, masipuling'i akafooka injini n'kutsika pang'ono, nthawi yotsegukira mavalavu imasokonekera, mbali ina ya silinda n'kumalandira nthunzi yambiri kuposa inzake. Ndikanakhala kapitawo wa wekishopu imeneyo, ndikanamayeza msinkhu wa injini pa masipuling'i ake pafupipafupi ndi kupukuta ndodo ija mozungulira pini kuti ndione chitsulo chenicheni. Ndi ntchito yowonjezera, koma si cholakwika choti n'kutayira injini.

Tiyeni tsopano tiwerengere. Ndi miyeso ili pamwambayi, tikatenga kuti nthunzi yofika m'silinda ndi 85 peresenti ya ya m'boyila monga mwa chizolowezi, mphamvu yokokera ponyamuka imatuluka matani pafupifupi 3.3. Mabogi a anthu, amene 16 oyamba anapangidwa ndi kampani ya Bristol Wagon and Carriage Works, anali aakulu kwambiri poyerekeza ndi njanji yake: mamita 12 m'litali, matani pafupifupi 9 bogi imodzi. Anayi atadzaza anthu amapitirira matani 40. Tikaphatikiza injini, tili pa matani pafupifupi 70. Pa chitunda cha mita imodzi pa mamita 50, kulemera kokhako kumadya matani 1.4 a mphamvu ija. Tikawonjezera kukhuzana kwa mabering'i ndi kwa mawilo m'makhona, tayandikira matani 2. Papepala zikuoneka ngati yatsala yambiri, koma 3.3 ija ndi ya ponyamuka. Sitima ikamayenda, funso limakhala lakuti boyila ipanga nthunzi yokwanira kwa makilomita 13 osapumira kapena ayi. Komanso mathanki akamapunguka, kulemera kopanikiza mawilo panjanji kumachepa, ndipo ku Exmoor mvula ndi nkhungu sizisowa, njanji imaterera. Ndiye n'zomveka kuti katundu wa injini imodzi anali mabogi anayi, ndipo nyengo yotentha, alendo akachuluka, ankalumikiza injini ziwiri.

Wina anganene kuti pamenepa ndiye pali vuto, chifukwa injini yachiwiri ndi dalaivala wachiwiri, wosonkha moto wachiwiri ndi malasha ena. N'zoona. Koma injini yaikulu ikanafuna zitsulo za njanji zolemera ndi makhona omasuka, zimene kampani inazithawa pachiyambi pomwe. Ndipo miyezi yambiri ya chaka okwera ankakhala ochepa, moti injini yaikulu ikanamangotentha malasha kukoka mabogi awiri.

Cholakwika chenicheni chimene chimatchulidwa pa zitatu zoyambazi ndi kanyumba ka dalaivala. Kapangidwe kake kankakola utsi ndi nthunzi, komanso kanali kothina kwa anthu awiri ogwira ntchito ndi fosholo.

Injini zitatu zinaoneka kuti sizikwanira njanji isanatsegulidwe n'komwe. Mafakitale a ku Britain anali ndi ntchito yowunjikana chifukwa cha mkangano wa olemba ntchito ndi amisiri a zitsulo, umene unatenga kuyambira Julayi 1897 mpaka Januwale 1898. Choncho kampani ya njanji inaitanitsa injini ku fakitale ya Baldwin, mumzinda wa Philadelphia ku America. Inabwera m'zidutswa, anailumikiza ku Pilton, n'kuyamba ntchito mu Julayi 1898 ndi dzina lakuti Lyn. Inali 2-4-2T, ya mtundu wina, ndiye sindikuiwerengera m'gulu lino, ngakhale inakhala ndi zinzakezo mpaka mapeto.

Umboni wa 1925

Kampani ya Lynton and Barnstaple sinalemerepo. Eni masheya anayamba kulandirako kangachepe mu 1913, theka la peresenti basi. Mu 1923, pamene makampani a njanji a ku Britain anaphatikizidwa kukhala anayi akuluakulu, njanjiyi inalowa m'manja mwa Southern Railway. Injini zinapentedwa mtundu wa Southern n'kupatsidwa manambala: Yeo E759, Exe E760, Taw E761, Lyn E762. Eni atsopanowa sanaitaye. Anakonza njanji, anagula mabogi atsopano a katundu, ndipo mu 1925 anaitanitsa injini yachisanu.

Kwa ine, umboni waukulu m'nkhani yonseyi ndi umenewu. Southern inali kampani yaikulu, yokhala ndi mainjiniya akeake pansi pa Richard Maunsell, ndipo inali ndi mbiri ya zaka 27 ya mmene Yeo, Exe ndi Taw zinagwirira ntchito. Akanaona kuti boyila ndi yaing'ono, kapena kuti zitsulo za Joy zikuvuta, mpata wosintha unali umenewu. Anabwerera kwa Manning Wardle yemweyo n'kuitanitsa injini yomweyo. Chimene anasintha chooneka ndi kanyumba ka dalaivala, kuti kasamakole utsi ndiponso kakhale kotakasuka. Injiniya akapatsidwa ndalama zogulira makina atsopano n'kusankha kubwereza akale, ndiye kuti akalewo amukhutiritsa. Yatsopanoyo inali nambala 2042 kufakitale, E188 kwa Southern, dzina lake Lew, mtsinje winanso wa ku Devon. Patangopita zaka ziwiri, mu 1927, fakitale ya Manning Wardle inatsekedwa.

Chimene chinapha njanji

Ulendo wa makilomita 31 unkatenga ola limodzi ndi theka, kutanthauza makilomita pafupifupi 20 pa ola mukaphatikiza zoimaima. Mu 1898, poyerekeza ndi ngolo ya mahatchi, limenelo linali liwiro. Pofika m'ma 1920 misewu inali itakonzedwa, mabasi ndi magalimoto zitachuluka. Ndipo injini yamphamvu bwanji sikanafupikitsa ulendowo kwenikweni, chifukwa chimene chinkaletsa kuthamanga ndi makhona aja.

Vuto lina linali pamapeto pa njanji. Siteshoni ya Lynton anaimanga pamtunda, mamita oposa 200 pamwamba pa nyanja, kunja kwa tauni, pobisika. Wotsika sitima ankayenera kutsetsereka ndi katundu wake kuti afike m'tauni, wa ku Lynmouth n'kutsikanso kwina, ndipo pobwerera kunali kukwera phiri. Basi inkamusiya munthu pakati pa tauni. Ku Barnstaple nako, popeza mpata wa njanji unali wosiyana, bogi ya katundu yochokera kwina sikanatha kupitirira. Malasha, zomangira nyumba, chilichonse chinkatsitsidwa n'kukwezedwanso m'mabogi aang'ono, ndipo amene ankalipira ntchito imeneyo ndi mwini katundu. Pa zinthu zitatuzi, liwiro, malo a siteshoni ndi kusiyana kwa mpata, palibe ngakhale chimodzi chimene chinachokera kwa Manning Wardle. Zonse zinagamulidwa mu 1895.

Southern italengeza zotseka, mu Epulo 1935 kunachitika msonkhano ku Barnstaple woti anthu a m'deralo adandaule. Nkhani imene imanenedwa kawirikawiri ndi yakuti nthumwi zochokera ku Lynton, zobwera kudzateteza sitima, zinafika pamsonkhanowo pa magalimoto. Sitima yomaliza inayenda pa 29 Sepitembala 1935, yokokedwa ndi Lew ndi Yeo, yatsopano ndi yakale kwambiri pamodzi. Tsiku lotsatira, Captain Woolf, msilikali wapamadzi wopuma wa ku Woody Bay, anatumiza nkhata ya maluwa ku siteshoni ya Barnstaple Town, ndi kakalata konena kuti mwina njanjiyo sinafe koma yangogona.

Okushoni ya ku Pilton

Katundu wa njanji anagulitsidwa pa okushoni pa 13 Novembala 1935. Yeo, Exe, Taw ndi Lyn zinapita kwa ogula zitsulo zakutha, ndipo zinadulidwa ku Pilton komweko, pamalo amene zinkasamaliridwa. Zinali zisanafe. Masabata 6 m'mbuyomo zinali zikukoka anthu.

Apa m'pamene mtima umandipweteka monga mmisiri, ndipo ndafuna kumvetsa chifukwa chake sipanapezeke woti azigwiritse ntchito. Injini ya njanji yotakasuka, nthambi yake ikatsekedwa, amangoisamutsira ku nthambi ina kapena ku doko kuti izikankha mabogi, n'kukhalanso zaka 20. Southern inalibe njanji ina yopapatiza yoti n'kutumizako izi. Njanji zofanana mpata za kumpoto kwa Wales nazo zinali pamavuto: ya Welsh Highland inatsekedwa mu 1937, ya Ffestiniog inasiya kunyamula anthu mu 1939. Ngakhale akanakhala ndi ndalama, injini za ku Lynton zinali zazikulu thupi kuposa mipata ya m'mapanga ndi m'matanthwe a Ffestiniog. Zinali ngati suti yosokedwa potengera thupi la munthu mmodzi: mwini wake atapita, wina aliyense inkamukulira kapena kumuthina. Anthu odzipereka oteteza njanji zakale anali asanayambe. Njanji yoyamba kupulumutsidwa motero, ya Talyllyn, inayamba kuyendetsedwa ndi anthu ongodzipereka mu 1951, patapita zaka 16.

Kuti muone kuti kapangidwe sikanali vuto, yang'anani njanji yopapatiza ya Vale of Rheidol, yochokera ku Aberystwyth kukafika ku Devil's Bridge ku Wales. Injiniya wake anali James Szlumper, yemwe analinso mlangizi pomanga ya ku Lynton, ndipo injini zake zoyamba za 1902 zinali 2-6-2T zotengera kwambiri za Manning Wardle zija. Kampani ya Great Western itaitenga, inapanga zina za mtundu wofananawo ku Swindon mu 1923 ndi 1924. Kumeneko eni ake anavomereza kuti mabasi awalanda anthu a tsiku ndi tsiku, ndipo kuyambira 1931 sitima za anthu zinkayenda nyengo yotentha yokha, kunyamula alendo odzaona malo. Njanjiyo ilipo mpaka lero, injini za ku Swindon zija zikadali pantchito. Ku Lynton, kumene malo ake ndi okongola chimodzimodzi, Southern sinatsate njira imeneyo.

Lew inali ndi zaka 10 zokha. Kwa boyila yosamalidwa bwino, zaka 10 ndi ubwana. Inapulumuka macheka chifukwa Sidney Castle wa ku Plymouth, amene anapatsidwa ntchito yozula njanji, ankafuna injini yokokera zitsulo zozulidwazo. Choncho ntchito yake yomaliza ku England inali kunyamula njanji yake yomwe, kuchokera kumtunda kutsika nayo ku Barnstaple, mpaka pakati pa 1936. Mu Sepitembala chaka chimenecho inatengedwa kupita ku doko la Swansea ku Wales n'kukwezedwa m'sitima yapamadzi yotchedwa Sabor, yopita ku doko la Pernambuco, lomwe lero ndi Recife. Dera limenelo ndi la minda ya nzimbe, yomwe inali ndi njanji zakezake zopapatiza. Mapepala ambiri a ulendowo anawonongeka pa nkhondo yachiwiri yapadziko lonse, ndipo anthu amene akhala akuifunafuna ku Brazil sanaipeze.

Mabogi ena ndiwo anachita mwayi, popeza bogi imatha kusanduka kanyumba. Ina inakhala pabwalo la nyumba ya m'busa ku Clannaborough kwa zaka zambiri, ndipo tsopano ili ku National Railway Museum mumzinda wa York. Ina inatsala ku Snapper mpaka 1959, pamene a Ffestiniog anaitenga n'kuikonza kukhala bogi yodyeramo.

Lyd, ndi zimene ingatiuze

Bungwe lofuna kudzutsa njanjiyi linakhazikitsidwa mu 1979. Linagula siteshoni ya Woody Bay mu 1995, sitima za anthu zinayambiranso kumeneko mu 2004, ndipo mu 2006 njanji inafika ku Killington Lane, mtunda wa pafupifupi kilomita imodzi ndi theka. Pa nthawi yomweyo anthu ena anali akupanga injini yatsopano potengera Lew. Inamalizidwa mu 2010 ku wekishopu ya Boston Lodge ya njanji ya Ffestiniog, n'kupatsidwa dzina lakuti Lyd ndi nambala E190, ndipo chaka chomwecho inakayenda ku Woody Bay. Lyn yatsopano nayo inaonetsedwa ku Woody Bay mu 2017, yolumikizidwa ndi kampani ya Alan Keef, ndipo gulu limene linapanga imeneyo linayamba ntchito yopanganso Yeo ndi Exe.

Lyd ikamakoka mabogi pa njanji za Ffestiniog ndi Welsh Highland, anthu amati taonani mmene injini za ku Lynton zinalili zamphamvu. Pamenepo ndikupempha kusamala. Kunja ikufanana ndi Lew, koma boyila yake imagwira nthunzi yamphamvu kuposa ya 1925, ndipo ili ndi mapaipi otenthetsanso nthunzi isanalowe m'masilinda. Nthunzi yotenthetsedwanso motero sisanduka madzi msanga ikakhudza makoma a silinda, choncho malasha ndi madzi omwewo amakoka katundu wambiri. Poyamba inkayendera mafuta, kenako anaisintha kuti iziyendera malasha. Kanyumba kake nako anakakonza kuti kathe kudutsa m'mipata yothina ya Ffestiniog. Chimene Lyd yatsimikiza ndi chakuti zapansi zonse, mafelemu akunja, mawilo aang'ono a mbali ziwiri ndi zitsulo za Joy, zinali ndi mphamvu yotsala, moti zalandira boyila yoposa yakale popanda kusintha maonekedwe a injini. Koma sikutiuza mmene boyila ya mapaundi 160, ya nthunzi yonyowa, inkapiririra chitunda cha Blackmoor.

Kuti zimenezo ziyesedwe pamafunika chitundacho, ndipo chilibe njanji. Mlatho wa Chelfham ulipo, unakonzedwa mu 2000. Koma chigumula cha mu Ogasiti 1952, chimene chinawononga Lynmouth, chinakokolola mulu wa dothi umene njanji inkadutsapo ku Parracombe, ndipo damu la Wistlandpound, lomangidwa m'ma 1950, linamiza gawo lina la njira pafupi ndi Blackmoor. Malo ena anagulitsidwa kwa alimi ndi omanga nyumba, ndipo ofuna kubwezeretsa njanji akuwagula pang'onopang'ono. Pakadali pano, Yeo ndi Exe zatsopano zikatha, zidzakhala ndi kilomita imodzi ndi theka ya pakati pa Killington Lane ndi Woody Bay. Kutsetsereka kwake ndi komwe kuja, mita imodzi pa mamita 50, kokwanira kuyesa kanyamukidwe ndi kagwiridwe ka mawilo panjanji yonyowa, koma kofupika kwambiri moti boyila singatope.